Mtsutso: Kodi Wothamanga M'phiri Akuyesa Mulungu?

Munthu wa ku Majaua, m'boma la Milange ku Mozambique, sachita kuuzidwa za mapiri. Kumpoto, kutsidya kwa malire, kuli Mulanje ndi nsonga yake ya Sapitwa yotalika mamita 3,002. Tauni ya Milange idatsamira Tumbine. M'boma lomweli mulinso Chiperone, phiri lomwe anthu a ku Thyolo ndi Blantyre amalidandaula nkhungu ndi mvula yamawawa zikawatsekera m'nyumba miyezi yozizira. Ngakhale Ruo, mtsinje womwe adamangapo makina a magetsi ku Majaua, umachokera pamwamba pa Mulanje pomwepo. Choncho nkhani ya mpikisano wa Porters Race, womwe umachitika ku Mulanje m'mwezi wa July, si ya Amalawi okha. Wailesi zomwe zimaulengeza zimamveka kuno, chilankhulo n'chimodzi, ndipo mnyamata wa miyendo yopepuka akamva nkhaniyi amayamba kulota, mayi ake n'kuyamba kuda nkhawa.

Mpikisanowu udayamba mu 1996 uli wa anthu onyamulira alendo katundu ndi owalondolera njira, ndipo pambuyo pake udatsegulidwa kwa aliyense. Othamanga amanyamukira ku Likhubula, n'kukwera chitunda cha ku Chambe, kudutsa pamwamba mpaka ku Lichenya, kenaka kutsika kubwerera komwe adayambira. Ndi makilomita opitirira 20, ulendo womwe alendo ambiri amaugawa masiku awiri kapena atatu, kumagona m'tinyumba ta m'phirimo. Akatswiri amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zingapo, ena a iwo opanda nsapato. Njira yake ili ndi matanthwe oterera, mizu, timitsinje towoloka podumpha miyala, ndi malo otsetsereka pomwe phazi likaphonya, chipumi ndicho chimayamba kufika pansi. Mutu wa mtsutso wathu ndi uwu: kodi munthu wothamanga pamalo otere, pofuna mphotho kapena dzina, akulakwa? Ine ndikuti sakulakwa, ndipo mlandu ukakhalapo umakhala m'manja mwa ena, osati m'miyendo ya wothamangayo. Koma otsutsa ali ndi mfundo zolemera, ndiye ayambe ndiwo.

Woyamba kuima ndi mkulu wa mpingo, wa m'badwo womwe udaona nkhondo. Akuti: “Ana inu, ife tidathamangapo. Mu 1986 tidathamanga ndi ana kumsana kukawoloka Ruo, mfuti zikulira m'mbuyo. Liwiro limenelo linali ndi chifukwa. Lero mukugona m'nyumba, koma mukukafuna imfa komwe siinakuitaneni. Moyo si wa munthu mmodzi. Ndi wa Mulungu amene adaupereka, wa mayi amene adaulera, wa mkazi ndi ana amene akuudalira. Kukauika pamwala woterera kuti anthu akuombereni m'manja n'kuyesa Mulungu. Phiri lomwelo lidameza mtsikana wa ku Netherlands, Linda Pronk, mu 2003, ndipo mpaka lero sadapezeke. Mu 2009 lidapha Gabriel Buchmann wa ku Brazil. Makolo adanena kale kuti kuthamanga sikufika.”

Bambo, zoti moyo si wa munthu mmodzi ndikuvomera, ndipo mfundo imeneyi ndiigwiritsa ntchito inenso. Koma maliro awiri mwatchulawo tiwaonetsetse. Palibe mmodzi mwa awiriwo amene anali pa mpikisano. Onse anali alendo m'phirimo, ndipo onse adalunjika ku Sapitwa okhaokha. Buchmann adasiya womuperekeza pa 17 July n'kupitirira yekha, nyengo idasintha, adasokera, ndipo chidamupha ndi kuzizira. Thupi lake lidapezeka pa 5 August. Chomwe chidasowa pa ulendo wake ndi munthu wodziwa njira. Nanga amene adakwera kukamusaka masabata onse aja anali ndani? Pakati pawo panali onyamula katundu ndi olondolera njira a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, gulu lomwelo lomwe limaima pamzere ku Likhubula. Mlendo akabinya bondo ku Chisepo kapena ku Thuchila, galimoto sifikako. Amatsika pa machira, pa mapewa a anthu omwe miyendo yawo idazolowera miyala imeneyo, ndipo chithandizo chimafulumira monga momwe miyendoyo ifulumirira. Ku Malaysia adaziona zimenezi kalekale. Mpikisano wokwera phiri la Kinabalu udakhazikitsidwa mu 1987 pofuna kupeza anyamata aliwiro oti azikatsitsa ovulala masiku omwe helikopita singauluke chifukwa cha nyengo. Luso lomwe inu mukulitcha kuyesa Mulungu ndi lomwe timalifuna tsiku langozi, ndipo luso limeneli silibwera ndi pemphero lokha. Munthu amalipeza pokwera ndi kutsika njira imodzimodziyo mpaka phazi litaloweza mwala uliwonse.

Komabe lilipo liwiro lina lomwe sindingaliikire kumbuyo, ndipo pamenepa bambowa ndikhala nawo pamphasa imodzi. Ueli Steck wa ku Switzerland adakwera yekha khoma lakumpoto la phiri la Eiger mu 2015 m'maola 2 ndi mphindi 22, khoma lomwe oyamba kuligonjetsa mu 1938 adalimbana nalo masiku opitirira atatu. Mu April 2017 adagwa pa phiri la Nuptse ku Nepal ali ndi zaka 40. Kilian Jornet wa ku Spain, yemwe mu 2013 adakwera ndi kutsika Matterhorn m'maola 2 ndi mphindi 52, chaka cham'mbuyo mwake adaona ndi maso mnzake Stéphane Brosse akugwa, chipale chitagumuka pansi pa mapazi ake. Awa sanali anthu osadziwa. Anali akatswiri a dziko lonse. Imfa za Steck ndi Brosse zikutiuza kuti pali malo pomwe kudziwa sikukwanira, chifukwa kuphonya kamodzi kokha ndi maliro. Malo otere ku Mulanje aliko: khoma lakumadzulo la Chambe, lotalika pafupifupi mamita 1,700, lomwe okwera matanthwe amati ndi lalitali kuposa ena onse mu Africa. Bambo wa ana atakwera khoma limenelo popanda chingwe, maso ali pa wotchi, ndinganene mosazengereza kuti akutchova juga ndi chuma chomwe si chake yekha. Koma njira ya Porters Race ndi ya anthu oyenda pansi, yomwe amayi otola nkhuni amadutsamo, ndipo wogwamo nthawi zambiri amataya khungu la bondo kapena dzino. Mwamuna wopalasa njinga yosenza matumba a chimanga kupita ku Muloza amakumana ndi zoopsa za mtundu womwewo sabata ndi sabata, koma sitimumva akudzudzulidwa paguwa.

Wachiwiri ndi mayi wina, mphunzitsi, ndipo mfundo yake ndiyo yandisowetsa tulo kuposa zonse. Akuti: “Achimwene, bambowa mwawayankha, koma nkhani ya njala mwaizemba. Mzungu kapena bwana wa ku Blantyre amathamanga m'phirimo atakhuta. Ali ndi nsapato zogwira mwala, inshuwalansi, ndi galimoto yomudikira pansi. Mnyamata wa ku Likhubula kapena wa kwathu kuno amathamanga chosavala chifukwa akufuna ndalama ya feteleza. Akathyoka mwendo, ganyu yonyamula katundu yathera pomwepo, munda wagonera. Ndiye muziti wasankha yekha? Wosauka sasankha, amachita kukankhidwa. Alendo akamajambula mapazi ake ong'aluka n'kumagoma, akugomera umphawi wake. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma awa sayambira limodzi.”

Mayi, pa mzere woyambira mwanena zoona, koma taonaninso mzere womalizira. Pa mpikisano umenewu amene amatsogola ndi Amalawi, ambiri a iwo ana a m'munsi mwa phiri, ndipo alendo a nsapato zokwera mtengo amafika anzawo atapuma kale. M'masiku ena onse a chaka, zinthu zimakhala mosiyana: mlendo ndiye amajambulitsa pa Sapitwa, dzina lake n'kumveka, pomwe amene adamusenzera chikwama ndi kumugwira dzanja pa thanthwe amakhala kunja kwa chithunzi. Zakhala choncho kuyambira nthawi ya amtengatenga, pomwe makolo athu mbali zonse ziwiri za Ruo ankasenza atsamunda pa machira, mabuku n'kulemba kuti mzungu wafika pakutipakuti. Zaka zambiri amuna a ku Mulanje akhala akutsika ndi matabwa pamutu kuchokera pamwamba, pa malipiro ochepa, popanda wowaombera m'manja kapena wowamvera chisoni. Ngozi ya m'phiri idali pa iwo kale mpikisano usanabadwe. Chomwe mpikisano udaonjezera ndi dzina ndi mphotho. Kuuletsa poti tikuwamvera chifundo kungawasiyire katundu yense n'kuwalanda tsiku limodzi lomwe luso lawo limatchulidwa pa wailesi.

Ndipo tsiku limodzilo limatha kutsegula khomo. Ku England, mipikisano ya m'mapiri monga wa ku Grasmere idakula m'zaka za m'ma 1800 ili ya abusa a nkhosa ndi olondolera alendo. Ku Cameroon, mpikisano wokwera phiri la Mount Cameroon wakhalako kuyambira mu 1973, ndipo mayi wa kumudzi, Sarah Etonge, adaupambana kasanu ndi kawiri mpaka dziko lonse lidamutcha mfumukazi ya phirilo. Simon Mtuy, wolondolera alendo ku Tanzania, adakwera ndi kutsika Kilimanjaro mu 2006 m'maola osakwana 10, atadzinyamulira yekha chakudya ndi madzi. Pafupi pompano, Edson Kumwamba wa ku Mulanje adakulira pa Porters Race, kenaka adakatchuka pa mipikisano ya m'mapiri ku South Africa ndi maiko ena. Ife a ku Mozambique sitifunikira kukumbutsidwa zomwe miyendo ingachite: Lurdes Mutola, mwana wa ku Chamanculo, adatitengera mendulo yagolide ku Sydney mu 2000. Ndikudziwa kuti pa aliyense wotere pali mazana omwe adabwerera kumunda chimanjamanja, ndipo wouza anyamata kuti kuthamanga ndi ntchito yodalirika ndi wabodza. Koma palibe amene adatseka sukulu poti si onse ophunzira amene amadzakhala madokotala.

Mfundo ya mayiwa, tikaitsata bwino, ikuloza kwa okonza mpikisano ndi makampani omwe amapachika zikwangwani zawo ku Likhubula. Kampani yomwe dzina lake limveka chifukwa cha thukuta la mnyamata wosavala ili ndi ngongole kwa mnyamatayo. Nsapato za othamanga a kumidzi ziyenera kulowa mu bajeti tsiku lomwelo lomwe zikwangwani zikulowa, ndipo zifike miyezi ingapo mpikisano usanachitike, chifukwa nsapato yachilendo yovala m'mawa wa mpikisano imavulaza kuposa phazi lozolowera. Wovulala asadzilipirire yekha kuchipatala, ndipo ngati wagona mwezi osagwira ganyu, pakhale thumba lomuthandiza. Mphotho ya amayi ifanane ndi ya abambo, popeza phiri silichepetsa chitunda likaona chitenje. Pomwe zimenezi palibe, mayi mphunzitsi wapambana mtsutso, koma wopezeka wolakwa ndi wokonza mpikisano.

Wachitatu ndi mfumu, ndipo sachulutsa mawu: “Mwana wanga, phiri lili ndi eni ake. Makolo ankalowamo mwaulemu, mopanda phokoso, atapepesa. Inu mukulowamo ndi zimkuzamawu ndi makabudula.”

Zikomo mfumu. Ulemu umenewu ngakhale dziko lonse lidauvomereza: mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaika Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko chifukwa cha chikhalidwe ndi chikhulupiriro cha Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao omwe amati m'phirimo mumakhala mizimu. Okonza mpikisano uliwonse ayenera kuyamba agwada kwa mafumu, ndipo malo omwe eni dera amawapatula asapondedwe. Njira ya Porters Race payokha sikwera ku Sapitwa. Koma tikamafunsa chomwe chanyoza phiri m'zaka zathu zino, yankho lili pa zitsa. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, udadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Makala ndi moto wolusa zikumaliza zotsala, ndipo minda ikukwera m'mapiri a kuno kwathunso. Napolo wa ku Phalombe mu 1991, wa ku Tumbine mu 1998, ndi namondwe Freddy mu 2023 zidabwera ndi mvula yoopsa yomwe palibe akanaiimitsa, koma aliyense wolima m'mphepete mwa phiri amadziwa kuti dothi lopanda mizu silichedwa kutsetsereka. Wothamanga sadula mtengo. Komanso mnyamata amene amadya chifukwa alendo akubwera kudzaona phiri ali ndi chifukwa chotetezera nkhalango chomwe woocha makala alibe, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likuthandiza mpikisanowu.

Wotsiriza akuchokera mbali yanga yomwe, ndipo ndiye woopsa kwambiri. Ndi mnyamata wothamanga, wotopa ndi zokamba zathu. Akuti: “Akulu, mwatiyankhulira bwino, koma malamulo mukuwonjezawo ndi achiyani? Miyendo ndi yanga, khosi ndi langa. Kukachita nkhungu, ndiye pokomera. Woopa atsale kunyumba. Mpikisano ukaimitsidwa chifukwa cha kamvula, ndani atibwezere miyezi tidakonzekera ija?”

Mng'ono wanga, tamva za ku China. Pa 22 May 2021, m'dera la Baiyin m'chigawo cha Gansu, anthu 172 adanyamuka pa mpikisano wa makilomita 100 wodutsa m'mapiri, ambiri atavala kabudula ndi malaya opyapyala. Majekete oteteza ku mphepo sadali okakamiza. Cha m'masana kudagwa matalala ndi mvula yozizira, mphepo ikuomba, pamene otsogola anali pa chitunda chomwe galimoto sifika ndipo othandiza anali ochepa. Adafa anthu 21. Mmodzi mwa iwo anali Liang Jing, katswiri wodziwika m'dziko lonselo, ndipo mwa asanu ndi mmodzi omwe ankatsogola adapulumuka mmodzi yekha. Liwiro lawo ndilo lidawafikitsa msanga pamalo oipawo, ndiye ngakhale mfundo yanga ija, yoti liwiro limapulumutsa, ili ndi malire ake: munthu wopepuka, wosanyamula kanthu, amakhala wotetezeka pokhapokha akuyenda, koma akangoima thupi limazizira msanga, nzeru n'kusokonezeka, osadziwanso kuti akufa. Amene adapulumutsa anthu asanu ndi mmodzi tsiku limenelo anali m'busa wa ziweto, Zhu Keming, yemwe adawakokera m'phanga momwe ankabisalamo mvula n'kuwakolezera moto. Boma litafufuza lidapeza akuluakulu 27 olakwa. Khosi ndi lako, inde, koma wokakutola ndi mnzako, ndipo naye ali ndi ana. Apa ndi pomwe mawu a mkulu wa mpingo aja akugwira ntchito.

Nkhani ya ku Gansu isatitalikire, chifukwa July ndi mwezi wa chiperoni. Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ikawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, imakwera mapiri athuwa n'kusanduka nkhungu yomwe imatha kukhala masiku angapo. Pamwamba pa Mulanje usiku wa miyezi imeneyi madzi amatha kuundana, miyala imaterera, ndipo munthu saona mnzake ali pamtunda woti n'kumuitana. July ndi mwezi womwewo womwe Buchmann adafera. Choncho pa mpikisano uliwonse wa m'phiri payenera kukhala munthu mmodzi wokhala ndi mphamvu yonena kuti lero sikupitidwa, ngakhale nduna itafika kale ndipo ng'oma zikulira. Munthu ameneyo asakhale wa kampani yothandiza kapena mlendo wolemekezeka, popeza awa ali ndi manyazi oti ateteze. Akhale wolondolera njira wamkulu, amene amayang'ana mtambo pa Chambe m'mawa n'kudziwa zomwe masana abweretse. Pamalo okwera pakhale anthu, mabulangete ndi moto, aliyense wodutsa alembedwe, ndipo wochedwa kufika pamalo ena pa nthawi yoikika abwezedwe. Mwana wosakwana msinkhu asaloledwe ngakhale atalira.

Chigamulo changa n'choti wothamanga pa njira ya m'phiri yomwe akuidziwa, atakonzekera, ndipo ali womvera akauzidwa kuti abwerere, alibe mlandu kwa Mulungu kapena kwa abale ake. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Majaua wofuna kukayesa ku Likhubula aloledwe, koma ayambe wayenda njirayo pang'onopang'ono ndi eni ake, aione potsika pomwe ambiri amagwera, asanaganize zoithamanga. Ndipo kwa akuluakulu a boma la Milange, ngati tsiku lina mudzafuna mpikisano wathuwathu pa Tumbine kapena pa Chiperone, pomwe nkhalango yake ikusungabe mbalame zosowa zomwe ku Thyolo zikutha, mudzayambe mwaitana mafumu, achipatala ndi alenje odziwa tinjira ta m'phirimo. Mukagwirizana za wonyamula wovulala, wolipira kuchipatala ndi woimitsa mpikisano nkhungu ikatsika, pamenepo mudzalengeze tsiku.